Webusaiti ikakana kutseguka pa foni ya msuweni wanga, wolakwa ndani?

Loweruka lapitali tinali ndi mlendo pa msonkhano wathu wa pamwezi, mchemwali wathu amene anakulira ku Kawale ndipo pano amapanga mawebusaiti. Ambiri amene simunabwere mwakhala mukupempha kuti tiike zimene anayankhula. Nazi, tangokonza pang'ono.

Zikomo a wapampando, zikomo a komiti, ndi inu nonse achimwene ndi achemwali. Ndamva kuti ena mwachokera ku Mgona ndi ku 25, ena ku Chinsapo, ndiye sindikusungani mpaka minibasi zitayamba kuvuta.

Tisanayambe, aliyense atulutse foni yake aikweze m'mwamba. Musachite manyazi, a mabatani inunso kwezani. Eya. Ndikuona ma itel, ma Tecno, Samsung yosweka galasi kumbuyoko, ta mabatani tingapo, ndi iPhone imodzi yokha. A msungichuma, ya inuyo tikambirana tikaweruka. Tsitsani, koma zimene mwaonazi muzisunge m'mutu, chifukwa nkhani yanga yonse ili pa mafoni amenewa.

Alembi anu anandiuza kuti mwagwirizana zokhala ndi webusaiti ya kalabu, yoti muziikapo mwayi wa ntchito, wa maphunziro, ndi fomu yolembetsera mamembala atsopano. Anandiuzanso kuti pali kukokanakokana. Ena mukufuna yokongola, ya mavidiyo ndi zithunzi zoyenda zokha, kuti mabungwe othandiza akaiona azitipatsa ulemu. Ena mukuti ayi, ikhale yotseguka pa foni ina iliyonse. Ndiye mwandiitana kuti ndiweruze. Ndiweruza ndithu, koma ndiyambe ndi msuweni wanga wa ku Chinsapo.

Mtsikanayu analemba Fomu 4, anakhoza bwino, koma fizi ya ku koleji panalibe. Chaka chatha bungwe lina linalengeza kuti likufuna achinyamata okagwira ntchito ya kalembera m'madera kwa miyezi itatu. Dzina la bungwelo ndilisunga. Chidziwitso chinati kufunsira ndi pa intaneti basi, makalata apamanja salandira, kutseka Lachisanu 5 koloko madzulo. Lachitatu anagula bandulo n'kutsegula linki pa ka itel kake. Tsamba linangoti mbee, pakati kachizindikiro kakungozungulira. Anadikira, anatseka, anatsegulanso. Ulendo wachinayi linatseguka. Analemba dzina, mudzi, mfumu yaikulu, boma, nambala ya chitupa cha unzika. Atafika pa tsiku lobadwa, panali kakalendala koti udine, koma pa foni yakeyo kakalendalako sikankatuluka, ndipo kulemba wekha tsikulo fomu sinkalola. Popanda tsiku lobadwa, batani lopitira patsogolo silinkadinika. Anayesa pa Opera Mini, kumeneko fomu sinaoneke n'komwe. Lachinayi anabwereka foni ya mnzake, anadutsa pa kalendala paja, anafika pa tsamba lachinayi poika satifiketi, netiweki inadula kwa kamphindi, zonse zimene analemba zinafufutika. Kuyambiranso pa dzina. Bandulo inathera pomwepo.

Lachisanu anakwera kabaza mpaka pa msewu wa ku Likuni, minibasi mpaka m'tauni, analipira pa kafe ya intaneti, anatumiza. Sanamutenge, koma nkhani si imeneyo. Mafunso onse a pa fomuyo akanakwana pa pepala limodzi, koma iye anataya masiku atatu ndi ndalama imene mayi ake akanagulira ufa ndi makala. Komatu iyeyu ndi wa mu mzinda, m'tauni amafikamo. Nanga mnzake wa ku Nsaru kapena ku Malingunde anatani?

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi mawu ake. Anati, "Achemwali, foni yangayi ndi yachabechabe." Anadziimba mlandu yekha. Ine monga wopanga zinthu zimenezi ndikukuuzani kuti foniyo inalibe mlandu. Foni yomweyo imatsegula Wikipedia bwinobwino. Wolakwa anali amene anamanga fomuyo, ndipo ndikudziwa mmene analakwira, chifukwa inenso ndinalakwapo chimodzimodzi.

Ndifotokoze pang'ono za m'kati, musatope. Pulogalamu imene mumatsegulira masamba a pa intaneti, kaya ndi Chrome, kaya Opera Mini, kaya Firefox, timaitcha browser. Ikamatsegula tsamba imalandira zinthu zitatu. Choyamba ndi HTML, amene ndi mawu enieniwo, mitu, malinki ndi mabokosi olembamo. Chachiwiri ndi CSS, amene amanena za mitundu ndi kayalidwe. Chachitatu ndi JavaScript, amene ndi malangizo oti foni yanu igwire ntchito ina payokha, monga kutulutsa kakalendala kaja. HTML ndi wopepuka ndipo ndi wopirira, ngakhale browser yakale ikapeza chinthu chimene sikuchidziwa imangochilumpha n'kupitiriza. JavaScript si wotero. Ndi wolemera, amafuna foni ya mphamvu, ndipo mzere umodzi ukalakwika kapena ukapanda kufika, zonse zimaima.

Kuno kwathu aliyense amene ali ndi hotplate ali ndi mbaulanso. Palibe mayi wa ku Biwi amene amataya mbaula chifukwa choti wagula kuka, amadziwa kuti magetsi akathima ana adyabe. HTML ndiye mbaula ija. Vuto ndi lakuti ambiri a ife tikumanga mawebusaiti a hotplate yokha. Tsamba limabwera lopanda kanthu, n'kuuza foni kuti dikira, koka kaye mafailo awa a JavaScript, uwawerenge, kenako ndiwe amene ujambule mawuwo. Pa laputopu izi zimachitika m'kuphethira kwa diso. Pa foni ya RAM ya 1GB, ili ndi netiweki ya timizere tiwiri, ndiye kachizindikiro kozungulira kaja.

Kulakwa kwanga kunali chonchi. Ntchito yanga yoyamba yolipidwa inali webusaiti ya kampani ina yaing'ono kuno ku Lilongwe. Ndinaimanga pa laputopu, pa wifi ya mu ofesi ku City Centre, ndikutsatira maphunziro a pa YouTube a anthu a ku America amene intaneti yawo siidziwa kudula. Ndinaika zithunzi zisanu ndi chimodzi zosinthana zokha pamwamba, mapu, zilembo zapadera, mabatani onyezimira. Abwana anaikonda, anandilipira. Madzulo ndinapita ku Kawale kukaonetsa amayi kuti aone ntchito ya mwana wawo. Tinakhala pakhonde tikudikira. Amayi anapita kukaphula ndiwo, anabwerako, isanatsegukebe. Anangoti, "Ndiye ntchito yakeyo ndi imeneyi?" Mawa lake nditayeza ndinapeza kuti tsamba loyamba lokha linali 6MB, pamene chimene makasitomala ankafuna pamenepo chinali mitengo, nambala ya foni ndi malo a shopu.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Bungwe la HTTP Archive, limene limayeza mawebusaiti mamiliyoni ambiri, likuonetsa kuti tsamba la pakatikati masiku ano limaposa 2MB ngakhale pa foni. Tinene kuti mwagula bandulo ya 100MB. Masamba a 2MB mutsegula 50 basi. Langa lija la 6MB mutsegula ka 16. Koma tsamba la mawu ndi kachithunzi kamodzi kochepetsedwa bwino likhoza kukhala 100KB, ndipo bandulo yomweyo ikupatsani masamba 1,000. Wopanga webusaiti akaika chithunzi chachikulu salipira ndi iye, mumalipira ndinu. Amakhala akukutapani m'thumba osadziwa n'komwe.

N'chifukwa chake ambiri mumakonda Opera Mini, ndipo simulakwa. Browser imeneyi inabwera cha m'ma 2005 kuchokera ku kampani ya ku Norway, ndipo mukaitchera kuti isunge data kwambiri imagwira ntchito mosiyana ndi zinzake. Foni yanu sipita yokha ku webusaiti. Makompyuta a kampani ya Opera ndi amene amatsegula tsambalo, amalifinya, n'kukutumizirani lofinyidwa kale. JavaScript amamulola kuthamanga masekondi ochepa kumakompyuta awoko, kenako amamuimitsa. Ndiye fomu imene moyo wake wonse uli mu JavaScript, ikadutsa mmenemo imafika yakufa. Munthu amene wasankha kusunga ndalama zake ndi amene timamutsekera kunja.

Palinso china chimene mabuku a kunja sanena. Ambiri a ife sitigula bandulo ya intaneti yonse, timagula ya WhatsApp kapena ya Facebook. Wina akaponya linki m'gulupu, anthu theka satha kuitsegula, osati chifukwa cha foni koma chifukwa cha mtundu wa bandulo. Kwa anthu amenewa webusaiti yanu, kaya ndi yopepuka chotani, kulibe. Ndibwereranso pa mfundo imeneyi.

Tsono wina anena kuti awa ndi mavuto a ku Malawi, kunja zinthu zinapita patsogolo. Ayi. Boma la Britain lili ndi webusaiti imodzi yaikulu, GOV.UK, kumene anthu amafunsira pasipoti, msonkho ndi chithandizo. Mu 2013 amene amaiyendetsa anayeza n'kupeza kuti munthu mmodzi pa anthu 93 aliwonse JavaScript sankamufika. Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa anthuwo sanamuzimitse dala, anangolephera kufika panjira. Ku Britaintu kumeneko, kwa netiweki yabwino. Lamulo lawo mpaka lero ndi lakuti ntchito ya boma iyambe yatheka ndi HTML, zinazo zibwere pamwamba. Katswiri wina wa kumeneko, Terence Eden, analemba mu 2021 zimene anaona mu ofesi ina yothandiza za nyumba ku London. Mtsikana wina amene anali atachoka kwawo ndi zikwama zake anakhala pa mzere atagwira kachida kosewerera magemu kotchedwa PSP. Iye ankaganiza kuti akusewera, koma ayi, ankawerenga za ufulu wake pa GOV.UK, pa browser yofooka ya m'kachidako, chifukwa ndi chokhacho chimene anali nacho. Ndipo masambawo ankatseguka. Ngati a ku London amaganizira munthu wotere, ife a ku Area 23 tili ndi chifukwa chanji chomuiwalira? Kafukufuku wa NSO ndi MACRA wa 2019 anapeza kuti Amalawi ogwiritsa ntchito intaneti sankafika ngakhale awiri pa anthu 10 aliwonse. Owerengeka amene alowawo, ambiri alowera pa mafoni ngati amene munakweza aja. Ndipo kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kumuuza munthu kuti "ingogulani foni ina" ndi chipongwe.

Pali yankho limene ndimalimva kawirikawiri kwa anzanga a ntchito, ndipo limamveka lanzeru. Amati, "Tayang'ana ziwerengero za webusaiti yathu, a mafoni akale sabwera, ndiye tivutikirenji?" Zili ngati mwini grocery amene wamanga galu wolusa pakhomo, kenako n'kumati kuno anthu oopa agalu sagula. Asagule bwanji? Komanso chida chowerengera alendocho chimadalira JavaScript yemweyo. Amene tsamba linamukanika sawerengedwa. Msuweni wanga m'mabuku a bungwe lija mulibe, masiku ake awiri oyamba aja palibe anawaona.

Komabe ndisakunamizeni kuti webusaiti ikhoza kulandira foni ina iliyonse. Pali malire, ndipo a gulu lofuna zokongola ali ndi mfundo zina zoona.

Malire oyamba, amene ine sindinyengerera, ndi chitetezo. Mukaona kaloko pamwamba pa browser, ndiye kuti zimene mukulemba zikuyenda zotsekedwa, wa pakati sangaziwerenge. Njira zakale zotsekera zinathyoledwa, ndipo mafoni akale kwambiri sadziwa zatsopano. Bungwe la Let's Encrypt, limene limapereka ulere ziphaso za chitetezo ku mawebusaiti mamiliyoni ambiri, linasintha zinthu mu 2024, ndipo mafoni ambiri a Android 7.0 kupita m'mbuyo anayamba kuchenjeza kuti tsamba si lotetezeka. Malangizo awo kwa eni mafoniwo anali oti aike Firefox. Ndiye wina akati tichotse loko kuti foni yakale ilowe, pamene pa fomupo anthu akulemba nambala ya chitupa cha unzika ndi ya foni, ine ndimakana. Masiku ano akuba a pa foni achuluka, ena mwalandirapo mauthenga aja oti "tumizani pa nambala iyi". Sitingatsegule chitseko cha onse chifukwa cha munthu mmodzi. Munthuyo timupezere khomo lina.

Kwinanso kumene sindivutika nako ndi maonekedwe. Tsamba silikuyenera kuoneka chimodzimodzi pa foni iliyonse. Pa iPhone ya a msungichuma likhale ndi mitundu ndi zithunzi, pa Opera Mini likhale mawu akuda pa zoyera. Palibe vuto. Chofunika n'chakuti onse awiri awerenge tsiku lotseka lomwelo ndipo onse awiri athe kudina "tumizani". Anzanga ambiri amataya masabata kulimbana kuti mthunzi wa batani ufanane paliponse, kenako amatopa n'kunena kuti kuthandiza mafoni akale n'kodula. Chodula ndi mthunziwo.

Nanga a mabatani aja? Apa tinene zoona, ambiri a mafoni amenewa browser alibe, kapena ili yoti singakuthandizeni. Webusaiti siwafikira, ngakhale titaipeputsa chotani. Koma taonani mmene amene amafunadi anthu anachitira. Airtel Money ili pa *211#, Mpamba pa *444#, Mo626 ya National Bank pa *626#. Makampani amenewa ali ndi ma app okongola, koma sanatseke manambalawa, chifukwa akudziwa kumene kuli makasitomala awo. Chipatala Cha Pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011 ndi kuimba foni chabe, pa 54747, kenako chinafalikira dziko lonse. Pa Airtel pali 321, umaimba n'kumvera uthenga wa ulimi ndi zaumoyo m'Chichewa. Pamene pali ndalama yoti alandire kwa inu, njira yofikira ka foni ka mabatani imapezeka msanga. Ikakhala ntchito yoti inu mufunsire, mwadzidzidzi akuti pa intaneti pokha. Pamenepa ine ndimakwiya, makamaka zikakhala za boma kapena za mabungwe amene amati akutumikira osauka. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zidziwitso linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Koma chidziwitso chimene achiika mu PDF ya 10MB, yojambulidwa chopendekera, mayina 800 oti uwasake ndi maso pa kagalasi kakang'ono, kodi chaperekedwa kapena chabisidwa?

Mwina wina akuganiza kuti bwanji tipange ziwiri, yokongola ya a mafoni abwino ndi ina yopepuka ya enawo. Ndinayesapo, ndipo sindikulangizani. Yachiwiriyo imaiwalika. Mumasintha tsiku la msonkhano pa yaikulu, pa yaing'ono likadali la mwezi watha. Ndipo tsiku lina wina amati imeneyi ikutidyera nthawi, itsekedwe. Si ife tokha. Gmail inali ndi tsamba lopepuka la HTML limene ambiri tinkalidalira netiweki ikavuta, Google inalitseka kumayambiriro kwa 2024. Facebook inali ndi mbasic, ena mukuikumbukira, inatsekedwa chakumapeto kwa chaka chomwecho. Kuyambira Januwale 2025 ngakhale kusaka pa Google kumafuna JavaScript. WhatsApp nayo inasiya mafoni osafika Android 5.0 mu Okutobala 2023. Makampani akuluakulu amawerengera phindu, akaona kuti otsalira ndi ochepa kwa iwo amadula chingwe, ndipo ochepa a dziko lonse lapansi amakhala ambiri a ku Mgona.

Mukukumbukiranso Free Basics? Inayamba ku Zambia mu 2014 ndi dzina la Internet.org, kuno inafika mu 2015. Unkatsegula masamba ena ulere, opanda mavidiyo, opanda zithunzi zikuluzikulu, opanda JavaScript. Ambiri tinalawira intaneti mmenemo, sindinyoza. Koma amene ankasankha masamba olowamo anali Facebook, ndipo dziko la India linailetsa mu 2016 pa chifukwa chimenechi. Ine phunziro limene ndinatengapo monga mmisiri ndi lakuti mawebusaiti akuluakulu anatha kudzipeputsa pamene anafuna kulowa mmenemo. Luso lilipo. Koma sindikufuna intaneti iwiri, ya olemera ndi ya osauka. Ndikufuna tsamba limodzi, lomangidwa kuyambira pansi, mbaula kaye, hotplate pambuyo. A ntchito yathu amazitcha progressive enhancement, dzina limene linatchuka kuyambira 2003, si nzeru yatsopano ayi.

Ndiye malire tiike pati? Funso limene ndimadzifunsa pa tsamba lililonse ndi limodzi: munthu akalephera kutsegula apa, wataya chiyani? Akalephera kuona vidiyo ya bonanza ya mpira imene munachita pa Khirisimasi, wataya zochepa, adzaonera pa foni ya mnzake. Pamenepo ikani vidiyo yanu, bola isayambe kusewera yokha, munthu adine yekha akudziwa kuti ndi ma MB angati. Koma akalephera kuona kuti malo ophunzira ntchito zamanja akutsekedwa liti, kapena kulembetsa umembala, wataya chinthu chimene kalabu ino inakhazikitsidwira. Masamba amenewo atseguke pa foni yofooka kwambiri imene ili ndi browser m'chipinda chino, pa netiweki ya madzulo, JavaScript afike kapena asafike. Mulingo si msinkhu wa foni, mulingo ndi kukula kwa chimene chili kuseri kwa chitseko.

Pa fomu yolembetsera, chonde, ikhale ya tsamba limodzi. Mufunse zokhazo zimene muzigwiritsadi ntchito. Tsiku lobadwa likhale timabokosi titatu tolemba manambala, kalendala ayi. Munthu akalakwitsa bokosi limodzi, fomu ibwerere ndi zonse zimene analemba zili momwemo, ndi mawu omveka onena pamene palakwika, m'Chichewa. Chithunzi cha satifiketi musachikakamize pa tsiku loyamba, adzabweretsa pamanja. Ndipo pansi pa fomupo palembedwe kuti amene zamukanika atumize SMS pa nambala ya kalabu kapena abwere Loweruka adzalembe pa pepala. Khomo lina lija ndi limeneli, ndipo pepala si chinthu chochititsa manyazi.

Za mwayi wa ntchito, lembani mawu enieni pa tsamba, osangoponya chithunzi cha poster. Chithunzi chimadya data, sungasakemo liwu, sungakopere nambala, ndipo anzathu osaona amene foni imawawerengera mokweza ndi TalkBack, ikafika pa chithunzi imangoti "chithunzi" basi. Mawu omwewo muwaponyenso athunthu m'gulupu la WhatsApp, osati linki yokha, chifukwa cha a bandulo ya WhatsApp aja. Ndikudziwa kuti wina ati ndiye anthu sazibwera pa webusaiti. Asabwere. Cholinga n'choti mnyamata wa ku Area 25 apeze ntchito, osati choti tiziwerenga alendo.

Kwa inu ofuna kusangalatsa mabungwe othandiza, musadandaule, simunaluze. Wa bungwe akatsegula pa laputopu yake apeza zithunzi, mitundu ya kalabu, malipoti a zimene mwachita, zonse zoyalidwa bwino, chifukwa zimenezo zimabwera pamwamba browser ikakhala yokwanitsa. Chimene ndikukana ndi chithunzi cha 4MB chotuluka mu kamera n'kuikidwa osachepetsa, ndi ma theme aja a WordPress odzaza ndi zinthu 30 pamene mukugwiritsa ntchito zitatu. Ine lamulo langa, ndipo ndi langa chabe, tsamba loyamba lisapose 200KB. Wina akafuna kuonjezera chinthu, anene chimene tichotse.

Ndivomereze kuti njira imeneyi ili ndi mtengo wake. Zida zambiri zimene achinyamata akuphunzira pano zimayambira pa JavaScript, ndipo kumanga mopepuka kumafuna kuti udziwe HTML bwinobwino, zimene ambiri timalumpha pothamangira zapamwamba. Kuyesa pa mafoni osiyanasiyana kumadya nthawi. Ndinaluzapo ntchito chifukwa kasitomala anaona za mnzanga zikuuluka ndi kuzungulira, zanga zili phee. Amene mukufuna kulowa ntchito imeneyi mudziwiretu zimenezo. Koma inu muli ndi chinthu chimene mmisiri wa ku California alibe. Iye kuti ayese netiweki yofooka amachita kuitchera dala pa kompyuta. Inu mumangotuluka panja.

Ine m'kabati mwanga muli ka Android ka RAM ya 1GB kamene ndinagula kogwiritsidwa kale ntchito m'tauni, ndipo palibe ntchito imene ndimapereka isanadutse pa kameneko ndi pa Opera Mini. Ndikupempha kuti kalabu ichite chimodzimodzi. Loweruka likubwerali ndibweretsa tsamba loyeserera, lokhala ndi fomu ndi zidziwitso zitatu. Aliyense abwere ndi foni yovuta kwambiri ya m'nyumba mwawo, kaya ndi ya agogo, kaya ndi ija batire lake mumamanga ndi labala. Tikayesa pano, a ku Mgona, a ku Chinsapo ndi a ku 23 mukayesenso kwanu cha m'ma 7 koloko madzulo pamene netiweki imadzaza, muwerenge masekondi, muone ma MB amene apita, mulembe pa pepala. Ndipo m'komiti ya webusaitiyi, a wapampando, ndikupempha kuti mukhale munthu mmodzi wa foni ya mabatani, ndi mmodzi amene foni yake imakana chilichonse. Achimwene a Samsung yosweka galasi kumbuyoko, ndikuona mukuseka, dzina lanu ndalemba kale.

Ngati nthawi ilipo ndilandira mafunso.